Mzere wa pa Khosi la Mbedza

Kuntchito kwa Nalezala kunali chipinda chimene anthu sankakonda kulowamo okha, ngakhale dzuwa lili paliwombo. Chinali kunsi kwa nyumba, chopanda zenera. M'menemo munali lende tizidutswa ta pulasitiki makumi anayi, kalikonse katamangidwa kumtanda, kunsi kwake kukulendewera chitsulo cholemera. Pansi pa chitsulo chilichonse panali bokosi la mchenga, pambali pake kawotchi. Kachidutswa kakaduka, chitsulo chinkagwera mumchenga kuti khu, kawotchi n'kuima pomwepo. Anthu apakampanipo ankati kumeneko ndi kwa opachikidwa, ndipo mayi wokolopa anakaniratu zolowamo, amvekere iye anabwera kudzakolopa, osati kudzadikirira maliro.

Kampaniyo inkaumba zinthu ndi pulasitiki wosakaniza ndi tiulusi tagalasi, tatifupi ngati ndevu zometa dzulo. Ntchito ya Nalezala inali kuthyola zimene anzake aumba. Ankadula kachidutswa kotalika ngati chala, n'kukacheka pang'ono pakati, kenako n'kuika lezala latsopano pochekapo ndi kuligogoda kamodzi ndi kanyundo kuti mng'alu uyambike. Dzina lakelo linachokera pamenepo, ndipo lenilenilo linatsala pa chiphaso chokha. Tizidutswa tina ankatipinda m'makina mpaka tithyoke, n'kulemba mphamvu imene mng'alu unayambira kuthamanga. Tina ankakatipachika kunsi kuja kuti aone kuti tipirira miyezi ingati.

Alendo ankadabwa kuti bwanji akuwononga chinthu dala asanachiyese. Iye ankawayankha mosanyengerera kuti chinthu chopanda mng'alu kulibe, kungoti wina sunaoneke. Chimene iye ankafuna kudziwa n'chakuti chinthucho chidzaupirira mpaka pati.

Chimene chinkachititsa nthumanzi kwa opachikidwa sichinali mdima, chifukwa magetsi analimo. Chinali kaphokoso. Tiulusi tija timagona mopingasa njira ya mng'alu, ndipo kuti mng'aluwo udutse uyenera kutidula kapena kutizula kamodzikamodzi. Kaulusi kalikonse kakagonja kamalira kuti thi. Munthu ukaima chete m'chipindamo unkamva thi kuno, patapita nthawi thi uko, osaona chimene chasuntha. Nalezala anakhalamo zaka khumi ndi chimodzi, moti ankatha kuloza ndi chala kuti aka sikafika Lachisanu. Sankaphonya kawirikawiri, ndipo ankanyadira zimenezo kuposa mmene ankaonetsera.

Kunyumba kunali bambo ake. Anayendetsa chimakina chonyamula katundu padoko zaka makumi atatu, kenako sitiroko inawapeza ali kubafa. Inawatengera miyendo ndi dzanja lamanja, n'kuwasiyira mutu wonse ndi pakamwa ponse, zomwe mng'ono wake wa Nalezala ankati ndiye pamene matendawo analakwitsa. Bambowo anali chimunthu chodzadza pakhomo. Mng'onoyo anasiya ntchito yake yosoka kuti aziwasamalira, ndipo ankawanyamula kanayi pa tsiku, kuwachotsa pabedi kuwaika pampando, kuwachotsa pampando kuwabwezera pabedi. Pasanathe zaka ziwiri msana unamukana. Mkazi wa zaka makumi atatu ndi zinayi anayamba kudzuka mogwira khoma. Bambowo ankaona zonsezi, ndipo zinkawadya.

Nthawi imeneyo n'kuti kampani ikukonza chonyamulira odwala: mzati wachitsulo wamatayala, mkono pamwamba, chopopera pambali, ndi chinsalu cholimba chokhalamo wodwala. Chinsalucho chinkakolowekedwa pa mbedza imodzi yakuda ya pulasitiki uja, chifukwa yachitsulo imachita dzimbiri kubafa. Amene anayesa pulasitikiyo anali Nalezala. Anathyola tizidutswa makumi atatu, zotsatira zinatuluka zokongola, ndipo anasaina pepala ndi mtima woyera. Atapempha injiniya kuti choyamba kupangidwacho akachiyesere kunyumba, injiniyayo analola.

Bambo ake anachiyang'ana kuchokera pansi mpaka pamwamba, maso n'kuima pa mbedza.

"Ndiye ine ndinyamulidwe ndi chipeso?"

"Si chipeso, bambo. Chikhoza kunyamula inu atatu."

"Chitsulo chili ndi ulemu, mwanawe. Chimayamba chapindika, chimakuuza kuti choka. Zanuzi zimangoduka osatsanzika."

"Zimatsanzika. Kungoti zimalankhula motsitsa."

Apa ndi pamene Nalezala analankhula zambiri, monga amachitira munthu amene kwa nthawi yoyamba akudziwa chinthu chimene bambo ake sachidziwa. Anawafotokozera za kwa opachikidwa, za tiulusi, za thi. Anawauza kuti kulira kwa apo ndi apo si kanthu, koma kukayamba kudza pafupipafupi ndiye kuti kwatsala pang'ono. Bambowo anamvetsera bwino lomwe, ndi nkhope ya munthu wodziwa makina. Iye anasangalala kuti amumvetsera chotero.

Miyezi inayenda bwino. Mng'ono uja anawongoka, mpaka anatulutsanso makina ake osokera n'kuwaika pakhonde. M'mwezi wachisanu ndi chitatu ndi pamene tsiku lina, akutsuka mbale, anangoti:

"Achemwali, bambo anutu ayamba khalidwe. Ndikawakweza amati ndiwasiye m'mwamba momwemo, ati msana umapuma. Poyamba zinali mphindi zisanu, pano mpaka theka la ola. Ndikakhala pafupi amandithamangitsa, ati ndikuwasokosera."

"Kuwasokosera akumvetsera chiyani?"

"Kaya. Mwina akukumbuka kuntchito. Ananyamula katundu wa eni zaka zonse zija, pano akufuna amve mmene katunduyo ankamvera."

Anaseka onse awiri, ndipo nkhaniyo inathera m'mbale.

Lamlungu lotsatira mng'onoyo anatuluka, Nalezala n'kutsala ndi bambo ake. Masana anawamangira chinsalu, n'kuyamba kupopa. Thupi lija linanyamuka pang'onopang'ono, mapazi akukhwekhwereza chofunda, mpaka linali lende. Akuti atembenuze mzati, anamva thi.

Anaima. Kunja kunkatentha, ndipo malata akatenthedwa amalira. Pakhoma panalinso wotchi. Anadikira osapuma, koma sikanabwerenso. Atakweza maso anapeza bambo ake akumuyang'ana kuti ndwii, osaphethira.

"Wamva chiyani?" anafunsa bambowo.

"Palibe."

"Inenso."

Lolemba m'mawa anatsikira kwa opachikidwa asanavule n'komwe jekete. Kumapeto kwa mtanda kunali tizidutswa take tisanu ndi kamodzi ta pulasitiki wa mbedza uja. Tinali titalendewera miyezi khumi ndi inayi, titasenza zoposa zimene mbedza ingasenze. Anatenga kandodo kachitsulo, mbali ina n'kugunditsa pa kachidutswa, ina kukhutu. Zii. Kachiwiri, zii. Tonse tisanu ndi kamodzi tinali phee, pamene kumbuyo kwake tizidutswa ta ntchito zina tinkangoti thi, thi, ngati tikuuzana zinthu. Anadziuza kuti anali malata. Lachiwiri anatsikanso, Lachitatu chimodzimodzi. Mtima sunakhale pansi, ndipo zinamukwiyitsa kuti manambala ake enieni akulephera kumutonthoza.

Lachinayi analeka kumvetsera tizidutswa, n'kupita kosungira katundu kukatenga mbedza yeniyeni. Zinalipo zisanu pashelefu, zoumbidwa tsiku limodzi ndi ya kunyumba. Anaika imodzi pansi pa nyale n'kumaitembenuza. Inali yosalala, yakuda, yooneka yamphamvu. Ataipendeketsa kuti kuwala kuidutse cham'mbali, anaona kamzere kozungulira khosi, pamalo penipeni pamene mbedza imapindikira. Kanali kopyapyala kuposa tsitsi. Anadutsitsapo chikhadabo, sichinakole. Anatenga yachiwiri, kanalipo. Zonse zisanu kanalipo.

Anakapeza mkulu woumba atatsamira makina ake, akudya chingamu.

"Achimwene, kamzere aka n'kachiyani?"

Mkuluyo anayang'ana mosafuna. "Aka? Ndi pokumanira. Pulasitiki akalowera mbali ziwiri amakumana penapake."

"Mbali ziwiri? Chikombole chija chili ndi khomo limodzi."

"Chinali nalo limodzi. Zoyamba zinkatuluka zosadzadza kunsonga, ndiye tinaboola lachiwiri. Zinatuluka bwinotu, taonani kukongola."

"Liti?"

"Kalekale. Musanatenge chanu chija."

"Nanga timatabwa timene munandiumbira kuti ndiyese?"

"Timene tija n'tathyathyathya, a Nalezala. Khomo limodzi limakwana." Anasiya kutafuna. "Bwanji, pali nkhani?"

Nalezala anali ataimvetsa kale nkhaniyo. Pulasitiki wosungunuka akamayenda m'chikombole, tiulusi timagona motsatira njira yake. Koma mitsinje iwiri ikakumana mutu ndi mutu, tiulusi ta uku ndi ta uko sitilowerana. Timatembenuka n'kugona cham'mbali, motsatira mzere wokumanirawo, moti palibe n'kamodzi komwe kopingasa. Iye anali atayesa pulasitiki wabwino zedi, maulendo makumi atatu, mosamala, pa malo amene mu mbedza mulibe. Mbedza yeniyeniyo sanaidulepo, chifukwa pepala la kayesedwe limati kachidutswa kakhale kowongoka, ndipo mbedza ndi yokhota.

Anaimanga pa chopanira n'kuicheka. Kuchokera pakhosi anatulutsa kachidutswa kakafupi, kosaoneka bwino, kamzere kali pakati. Anacheka pang'ono pamzerepo, n'kuika lezala. Kanyundo anakatsitsa monga mwa masiku onse, mopepuka. Mng'alu umene unkayenera kulowa pang'ono pokha unathamanga wokha mpaka pakati pa kachidutswako, mwakachetechete, ngati unali ukudziwa kale njira.

Anadula kena, n'kugogoda mopepuka kuposa poyamba, n'kukaika m'makina. Mzere wa pakompyuta unayamba kukwera. Usanafike n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo atatu a pamene unkafika nthawi zonse, kachidutswa kanangoti thyo. Anatola zibenthu ziwirizo n'kuziika pansi pa galasi lokuza. Pothyoka pa pulasitiki wabwino pamakhala manyunyu, tiulusi tozuka tili njo ponseponse. Apa panali posalala kuti see, tiulusi tonse titagona chafufumimba. M'mphepete mokha ndi mmene munali towerengeka topingasa. Timeneto ndi timene tinkagwira bambo ake, ndipo ndi timene tinkalira.

Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane thwelofu. Thwelofu ndi nthawi imene mng'ono wake ankawakweza kuti asinthe zofunda.

Anaimba foni. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso akukwera masitepe, anaimbanso ali pageti, anaimbanso ali m'takisi. Woyendetsa anayesa kucheza naye za kutentha, atamuyang'ana pagalasi anasiya. Pamphambano ya pafupi ndi sitolo ya matayala panali lole itafa, magalimoto atangoti tsekereze. Nalezala anatsika n'kuyamba kuthamanga, atavala chijasi chake choyera cha kuntchito, malezala akulira m'thumba. Anali ndi mantha amene sanawamvepo chibadwire.

Anapeza mng'ono wake kuseri kwa nyumba akuyanika nsalu zapabedi, zopanira zili kukamwa.

"Achemwali, kwagwanji?"

"Bambo ali kuti?"

"M'mwamba mwawo muja. Andithamangitsa. Foni ndaisiya pa chaja, kodi mumaimba?"

"Usalowe. Usamenyetse chitseko. Ndikakuitana ubwere."

Anavula nsapato pakhomo n'kulowa monyang'ama. Chitseko cha kuchipinda chinali chotseka mwatheka. Asanachikankhe anamva kale.

Thi. Thi. Thi thi.

Bambo ake anali lende pakati pa chipinda, kufupi ndi zenera, kutali ndi bedi. Anali atapopedwa mpaka pamapeto pa mkono, mapazi awo otupa ali m'mwamba molingana ndi chiuno cha munthu woimirira. Kunsi kwawo kunali simenti yokhayokha. Maso anali otseka, mutu utapendekera kumbedza, milomo ikuyenda pang'ono. Ankawerenga.

Kulira kumeneko Nalezala ankakudziwa. Kukanakhala kwa opachikidwa sakanati Lachisanu. Akanangobwerera m'mbuyo kuti mchenga usamuthovukire. Anayang'ana chotsitsira, koma chotsitsiracho chimayamba ndi kugwedeza, ndipo kugwedeza kumodzi kunali kokwana. Kukoka matiresi kukanatenga nthawi, komanso kukanagunda mzati. Choncho anayenda masitepe anayi, n'kuwerama, n'kulowa kunsi kwa chinsalu. Anaika phewa ndi msana pansi pa thupi la bambo ake n'kuyamba kuwongoka pang'onopang'ono, mpaka kulemera kuja kunamutsikira m'mawondo.

Kulira kunachepa, koma sikunaleke.

"Choka pamenepo," anatero bambowo, mawu ali pansipansi. Sanadabwe n'komwe. "Munthu sakhala kunsi kwa katundu. Ndinakuuza uli mwana."

"Mumadziwa."

"Unandiphunzitsa ndiwe."

"Kuyambira liti?"

"Miyezi iwiri. Poyamba kamodzi pa tsiku. Dzulo ndinawerenga makumi anayi ndi katatu. Lero ndasokonezeka, zikufulumira."

Dzanja lawo lamoyo lija linatsika n'kupeza mutu wake, n'kuyamba kuukankha. Linali ndi mphamvu zake zonse zakale.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ukanachichotsa. Ukanandibwezera pamsana pa mng'ono wako."

"Tikanapanga mbedza ina."

"Ina yolimba. Ndiye ndizilendewera zaka zina khumi, mwana wanga akundipukuta." Anapuma mwamphamvu. "Sindinachite kanthu ine, mwanawe. Sindinamwe kanthu, sindinamange chingwe. Ndangokhala. Chikaduka chaduka chokha. Palibe adzati ndi ine, palibe adzati ndi mng'ono wako. Ngozi basi, yopanda mwini."

Thi.

Thukuta linkamulowa m'maso. Mawondo anayamba kunjenjemera, ndipo ankadziwa kuti kunjenjemerako kukukwera mpaka kumbedza.

"Ili ndi mwini, bambo."

"Ndani?"

"Pali pepala limene limanena kuti mbedza iyi singaduke. Pansi pake pali dzina langa, limene munandipatsa inu. Ndinaiyesa ndine, ndinailakwitsa ndine, ndinaibweretsa m'nyumba muno ndine. Ndinakukolowekani ndi manja angawa. Mukagwa, ndakugwetsani ndine. Ndipo ndidzakhala ndikudziwa zimenezo tsiku lililonse, ngakhale wina asanene."

Bambowo anali ataganizira zonse m'miyezi iwiri ija: kutalika kwa pogwera, simenti, nthawi imene mwana wamng'ono amakhala panja. Ichi chokha ndi chimene sanachiganizire, ndipo Nalezala anamva thupi lawo lonse likuchimva. Dzanja lija linasiya kukankha. Linakhala pamutu pake kanthawi, lolemera, kenako linatsetsereka n'kugwira kolala ya chijasi, n'kuifinya zolimba.

"Muitane," anatero.

Anamuitana mosakweza mawu. Mng'onoyo analowa, n'kuona mkulu wake atapindika kunsi kwa bambo awo. Anakoka bedi pang'onopang'ono mpaka linafika pamiyendo ya Nalezala. Anagwira bambowo m'khwapa monga ankachitira kale, nkhope itakwinyika ndi ululu wa msana umene anali atauiwala. Anatsegula chotsitsira ndi phazi, ndipo onse atatu anatsika limodzi, mosalongosoka, mpaka thupi lija linagona pamatiresi opanda nsalu.

Nalezala anakhala pansi, pasimenti. Mng'ono wake anakweza dzanja kuti achotse malamba a chinsalu pambedza. Sanakoke n'komwe. Theka la mbedza linangotsala m'manja mwake, lina lili lende kumkono wa chonyamulira.

Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana malo a pafupi ndi zenera pamene ankawakankhira tsiku ndi tsiku chifukwa ankati akufuna kamphepo, anayang'ana simenti, n'kuyang'ana bambo ake. Iwo anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Theka la ola lija," anatero mng'onoyo.

Anaika chibenthucho pawindo mosamala, n'kutuluka kukatenga nsalu zouma. Nalezala anavula chijasi, n'kukankhira chonyamulira chija kukhonde. Sanabwerere kuntchito. Pa folo koloko bambo awo ankafunika kunyamulidwanso kuti akhale pampando, ndipo onse atatu ankadziwa zimenezo.